Ambulera ya anthu a padoko: mafunso ndi mayankho okhudza njanji ya m'mwamba ya ku Liverpool

Mumzinda wa Liverpool, ku England, munali njanji imene sitima zake zinkayenda pamwamba pa mitu ya anthu, motsata madoko a m'mphepete mwa mtsinje wa Mersey. Dzina lake linali Liverpool Overhead Railway. Inanyamula anthu zaka 63, kuyambira 1893 mpaka 1956, kenako inagumulidwa yonse, moti mlendo amene wafika mumzindawu lero kudzagwira ntchito kapena kudzaonera mpira amadutsa pamalopo osadziwa kuti pamwamba pake pankaphokosera sitima. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza mamangidwe ake, kayendedwe kake, ndi chimene chinaidya.

Kodi njanjiyi inkayambira pati n'kukathera pati?

Pamene inkatsegulidwa inkachokera ku Herculaneum Dock kumwera n'kukafika ku Alexandra Dock kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Mwambo wotsegulira unachitika pa 4 Febuluwale 1893, ndipo anautsogolera ndi Lord Salisbury, yemwe anali atangochoka kumene pampando wa nduna yaikulu ya Britain. Anthu wamba anayamba kukwera pa 6 Malichi chaka chomwecho. Ataiwonjezera mbali zonse ziwiri, kutalika kwake kunafika makilomita pafupifupi 11, kuchokera ku Dingle mpaka ku Seaforth and Litherland.

Masiteshoni ambiri ankangotenga dzina la doko limene ali pafupi nalo: Toxteth, Brunswick, Wapping, Princes, Nelson, Huskisson, Canada, Brocklebank, Alexandra, ndi Gladstone imene inabwera mochedwa mu 1930. Pakati pa mzinda panali James Street, pomwe munthu ankatsika n'kukakwera sitima yodutsa pansi pa mtsinje kupita ku Birkenhead, ndi Pier Head, pomwe pankaima mabwato owolotsa anthu. Njanji zinali ziwiri, yopita ndi yobwerera. Mpata wa pakati pa zitsulo zoyendapo mawilo unali mamilimita 1,435, monga njanji zambiri za ku Britain, kusiyana ndi mamilimita 1,067 a njanji za ku Malawi ndi ku Zambia.

N'chifukwa chiyani anaikweza m'mwamba m'malo moiyala pansi?

Pansi panalibe malo. Msewu wa m'mbali mwa madoko unkadzaza ndi ngolo za mahatchi zotuta thonje, matabwa, tirigu, shuga ndi fodya. Mumsewu womwewo munkadutsanso njanji ya katundu ya eni madoko, ndipo pageti lililonse ngolo zinkalowa ndi kutuluka mopingasa. Anthu ankayenda pa mabasi okokedwa ndi mahatchi, ena mwa mabasiwo akuyenda pa zitsulo za njanji ya katundu yomweyo, moti sitima ya katundu ikatulukira basi inkayenera kupatuka. Munthu wofuna kuchoka doko la kumwera kukafika la kumpoto ankataya nthawi yambiri panjira.

Kukumba pansi kukanakhala kodula, komanso malowo ndi oyandikana ndi madzi. Maganizo a njanji ya m'mwamba anayamba kumveka kale mu 1852, koma anagona zaka zambiri. Bungwe loyang'anira madoko, Mersey Docks and Harbour Board, linapatsidwa chilolezo chomanga koma silinamange. Mu 1888 kunakhazikitsidwa kampani yapayokha, Liverpool Overhead Railway Company, ndipo ntchito inayamba mu 1889. Mfundo yoti mwini njanjiyi anali kampani yaing'ono yopanda kholo muisunge, chifukwa idzabweranso tikafika pa kutsekedwa kwake.

Anaimanga bwanji, ndipo inali ndi ziwalo zotani?

Akatswiri amene anajambula mapulani anali Sir Douglas Fox ndi James Henry Greathead, yemwe anabadwira ku Grahamstown ku South Africa ndipo amadziwika ndi chipangizo chokumbira njanji za pansi pa nthaka ku London. Womanga anali J. W. Willans.

Njanji yonse inali ngati mlatho umodzi wautali woima pa nsanamira zachitsulo, ziwiriziwiri. Pamwamba pa nsanamirazo anagonekapo mitanda ikuluikulu yachitsulo, pamtunda wa mamita pafupifupi 5 kuchokera pamsewu. Zigawo za pakati pa nsanamira zinalipo 567, ndipo zambiri zinali zotalika mamita 15.

Chiwalo chofunika kuchimvetsa bwino ndi chimene chinkatseka mpata wa pakati pa mitandayo. Ku New York njanji za m'mwamba zinali zobowoka: woima pansi ankaona kumwamba kudzera m'mipata ya matabwa, ndipo madzi, mafuta ndi phulusa zinkagwera anthu. Ku Liverpool anatseka. Anatenga zitsulo zaphanthiphanthi zokhuthala, n'kuzipinda kuti zikhale zokhota ngati msana wa kamba, n'kuzindandalika mopingasa, n'kuzilumikiza ndi misomali yachitsulo yofulira mbali zonse. Pokumana zitsulo ziwiri zokhotazo pankapangika kangalande, ndipo m'menemo ankathiramo phula kuti madzi asadonthe koma aziyenderera kupita m'mapaipi otsikira pansi. Pamwamba pake anagonekapo matabwa aatali motsata njanji, ndipo zitsulo zoyendapo sitima zinakhomeredwa pa matabwawo. Kwa wa m'sitima chinthuchi chinali pansi, kwa wa pamsewu chinali denga.

Kuti ntchito ya padoko isaime, zigawo zambiri ankazilumikiziratu pamalo amodzi, n'kuzikweza pa mbali yomalizidwa kale ya mlatho, n'kuziyendetsa pamwamba pomwepo mpaka kumapeto, pomwe makina ankazitsitsira pa nsanamira zotsatira. Mlathowo unkadzinyamulira wokha zipangizo zake, msewu wa pansi uli wotsegula.

Nanga katundu wamtali ndi zombo zinkadutsa bwanji?

Mamita 5 ndi okwanira ngolo, koma sakwanira chithupsa cha injini ya chombo kapena makina aakulu a m'fakitale. Choncho pa Brunswick, Sandon ndi Langton anaikapo zigawo zotheka kunyamuka ndi mphamvu ya madzi opanikizidwa, kuti katundu wotere alowe kapena kutuluka padoko. Pa Stanley Dock panali mlatho wosanjikiza: pansi pake pankadutsa msewu ndi njanji ya katundu, pamwamba sitima za anthu, ndipo unkatha kutembenuka kuti chombo chidutse.

Pa Bramley-Moore Dock panali vuto lina. Njanji yonyamula malasha ya kampani ya Lancashire and Yorkshire Railway inkadutsa kale m'mwamba pamenepo mopingasa. Njanji yatsopanoyi inayenera kugonja: inkatsika mpaka pamsewu, n'kudutsa kunsi kwa ya malashayo, n'kukweranso. Kutsetsereka kwake kunali mita imodzi pa mamita 40 alionse, komwe pa njanji ndi chitunda ndithu.

N'chifukwa chiyani anasankha magetsi pamene sitima zambiri nthawiyo zinali za malasha?

Moto. Injini ya malasha imalavula timakala toyaka, ndipo m'munsi mwa njanjiyi munali mabwalo a matabwa, mabelo a thonje ndi zombo zokhala ndi matanga ndi zingwe zopakidwa phula. Kakala kamodzi kakanatha kupsereza doko. Chifukwa china chinali kulemera: injini ya malasha imaunjika matani ambiri pamalo amodzi, ndipo mlatho woti uinyamule umafuna zitsulo zochuluka. Sitima ya magetsi yopepuka inalola kuti mlatho ukhale wotsika mtengo. Chigamulo chogwiritsa ntchito magetsi chinapangidwa mu 1891, ntchito yomanga ili mkati.

Potero inakhala njanji ya m'mwamba yoyamba padziko lonse kuyendera magetsi. Kampani inamanga malo akeake opangira magetsi pa Bramley-Moore Dock, pafupi ndi pofikira malasha. Magetsiwo, a mavoti pafupifupi 500, ankayenda m'chitsulo chachitatu chimene poyamba chinali pakati pa zitsulo ziwiri zoyendapo mawilo. Kunsi kwa sitima kunali kachitsulo kokhula pa chitsulo chachitatucho, kotenga mphamvu n'kuipereka ku injini.

Sitima zake zinali zotani?

Panalibe mutu wokoka. Ku London, njanji ya pansi pa nthaka ya City and South London imene inatsegulidwa mu 1890 inkagwiritsa ntchito mitu ya magetsi yokoka mabogi. Ku Liverpool injini anaiika kunsi kwa bogi lokwera anthu lomwelo, ndipo woyendetsa anali ndi kachipinda kumapeto onse a sitima. Ikafika pomalizira panalibe zotembenuza: woyendetsa ankangotsika n'kukalowa mbali inayo. Umu ndi mmene sitima za m'mizinda zimayendera lero kulikonse, ndipo Liverpool inali m'gulu la oyamba kuchita zimenezi.

Mabogi oyamba anapangidwa ndi Brown, Marshall and Company ku Birmingham. Anali a matabwa, otalika mamita pafupifupi 14, ndipo lililonse linali ndi mipando 57. Poyamba sitima inali ya mabogi awiri, pambuyo pake atatu, la pakati lopanda injini. Munali magulu awiri a mipando: yawofowofo ya olipira zambiri, monga makalaliki a makampani a zombo, ndi ya matabwa ya anthu onyamula katundu, amene zovala zawo zinkakhala ndi fumbi la malasha, ufa kapena mafuta.

Matramu a magetsi, zija sitima zing'onozing'ono zoyenda mumsewu, atayamba kulanda anthu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampani inaika injini zamphamvu kwambiri mu 1902. Ulendo wonse unatsika kuchoka pa mphindi 32 kufika pafupifupi 20. Liwirolo linadya magetsi ambiri ndipo linkafooketsa zitsulo, choncho patapita zaka analichepetsako. Nkhondo yachiwiri itatha anayamba kukonzanso mabogi ena, kuwaveka aluminiyamu ndi kuwaikira zitseko zotseguka zokha, koma ndalama sizinalole kuti amalize onse.

Ankatani kuti sitima zisagundane?

Masiteshoni anali pafupipafupi kwambiri ndipo sitima zinkatsatana pa mphindi zochepa. Kuika munthu wokoka zizindikiro pa siteshoni iliyonse kukanamaliza ndalama. Choncho kuyambira pachiyambi anaika zizindikiro zodziyendera zokha. Sitima ikadutsa, inkagunda kachipangizo ka m'mbali mwa njanji, chizindikiro cha kumbuyo kwake n'kusonyeza kuti ima, ndipo sichinkamasuka mpaka sitimayo itadutsa chizindikiro chotsatira. Mwanjira imeneyi chigawo chimodzi cha njanji sichinkakhala ndi sitima ziwiri. Mu 1921 anachotsa zizindikiro za mikono n'kuika nyali zamitundu zooneka ngakhale masana, zoyamba za mtundu wake pa njanji za ku Britain.

Dzina loti ambulera linabwera bwanji?

Anthu a ku Liverpool ankaitcha Dockers' Umbrella, kutanthauza ambulera ya ogwira ntchito padoko. Mzindawu ndi wa mvula ndi mphepo yozizira yochokera kunyanja. Ntchito ya padoko masiku amenewo inali yaganyu: amuna ankalawirira kukaima pageti kudikira kapitawo kuti aloze amene akumufuna tsikulo, ndipo wosalozedwa ankathamangira geti lina kapena kudikira kuitana kwa masana. Denga lachitsulo losadontha, lotalika makilomita angapo, linali pothawira mvula paulere. Amene analibe ndalama ya tikiti ankayenda wapansi kunsi kwake osanyowa.

Pamwamba pake pankaoneka zina. Madoko anali otchingidwa ndi makoma aatali, ndipo woyenda pamsewu sankaona kanthu. Wokwera sitimayi ankasuzumira mkati: zombo zikuluzikulu zopita ku America, ku Africa ndi ku Asia, makina onyamulira katundu, nkhokwe za tirigu. Kampani inkalengeza ulendowu kwa alendo ndi ana a sukulu ngati njira yabwino koposa yoonera madoko. Mu 1897 Alexandre Promio, wojambula wa kampani ya Lumière ya ku France, anajambula madoko ali m'sitima yoyenda, ndipo kanemayo alipo mpaka pano.

Ngati inali ya madoko, n'chifukwa chiyani anaitalikitsa kupita kumene kulibe doko?

Ndalama za padoko zinkabwera m'mawa ndi madzulo basi, ndipo antchito ankalipira mtengo wotsitsidwa. Masana, usiku ndi Lamlungu sitima zinkayenda zopanda anthu. Kampani inafuna kufika kumene anthu amagona. Pa 30 Epulo 1894 inafika ku Seaforth Sands kumpoto. Pa 21 Disembala 1896 inafika ku Dingle kumwera, ndipo kuti ikafike kumeneko inachita chodabwitsa: kuchokera pa Herculaneum inawoloka mlatho wa mamita pafupifupi 60, n'kulowa m'thanthwe kudzera m'mphanga yoboola ya mamita pafupifupi 800. Njanji ya m'mwamba inkathera pansi pa nthaka, ndipo okwera ku Dingle ankatsika kuchokera pamsewu wa Park Road kuti akapeze sitima.

Mu 1905 inalumikizidwa ndi njanji ya Lancashire and Yorkshire ku Seaforth and Litherland. Kuti sitima za makampani awiriwa zithe kuyenda pa njanji za anzawo, chitsulo cha magetsi chinaikidwa kunja kwa zitsulo zoyendapo mawilo, monga mmene zinalili ku njanji inayo. Pa masiku a mpikisano wa mahatchi wa Grand National, sitima zinkapitirira mpaka ku Aintree. Kampaniyi inayendetsanso matramu pakati pa Seaforth Sands ndi Great Crosby kuyambira 1900 mpaka 1925, ndipo mu 1901 inaika masitepe oyenda okha pa Seaforth Sands, oyamba pa siteshoni ya sitima ku Britain. Pa zaka zake zabwino njanjiyi inkanyamula anthu pafupifupi 20 miliyoni pachaka.

Kodi panachitikapo ngozi yaikulu?

Yoopsa kwambiri inachitika mu Disembala 1901 ku Dingle, m'mphanga muja. Injini ya sitima ina inapsa magetsi ili pafupi kufika pa siteshoni, moto n'kugwira matabwa a bogi. Zinthu zitatu zinakumana. Mabogi anali a matabwa. M'mphangamo munaunjikidwa matabwa a njanji onyikidwa m'mankhwala a phula oteteza kuwola, amene amayaka ngati parafini. Ndipo mphepo yamphamvu yochokera kumtsinje inkalowa pakhomo la mphanga n'kukankhira moto ndi utsi ku siteshoni, komwe kunali njira yotulukira anthu. Mphanga inasanduka chumuni. Anthu 6 anamwalira, ndipo siteshoniyo inakhala yotseka kupitirira chaka.

Nkhondo yachiwiri inaichita chiyani?

Liverpool ndiye anali khomo lolowera chakudya, mafuta ndi zida zochokera ku America, choncho ndege za Germany zinkalunjika madoko, makamaka m'sabata yoyamba ya Meyi 1941. Njanji yoima m'mbali mwa madoko sikanapulumuka. Mabomba anadula zigawo zingapo ndipo masiteshoni ena anapsa. Ya Princes Dock inatsekedwa mu 1941 ndipo sinatsegulidwenso. Popeza antchito a padoko ankafunika kufika kuntchito, zigawo zoduka ankazikonza mwachangu, sitima n'kumayenda mbali zotsalazo, mabasi akulumikiza pakati. Ntchito ya nthawi ya nkhondo inali yoti sitima iyende mawa. Kupala dzimbiri ndi kupaka penti kunatsalira m'mbuyo.

Ndiye chinaipha n'chiyani kwenikweni?

Dzimbiri, ndipo linadya denga lomwe lija limene linaipatsa dzina.

Tiyambe ndi kunsi. Pansi pa mlathowu, m'zigawo zambiri, munkayenda injini za malasha za njanji ya katundu. Chumuni cha injini yotere chinkadutsa pafupi kwambiri ndi denga, n'kumapemerera nthunzi yotentha ndi mwaye pa zitsulo. Mu utsi wa malasha muli sulufule, ndipo akakumana ndi chinyezi amapanga asidi. Zitsulo zokhota zija zinali ngati miphika yovundikira: utsi unkakodwa m'menemo, mwaye n'kumata, nthunzi n'kuunyowetsa. Penti sankakhalitsa. Anasankha magetsi kuti pamwamba pasakhale utsi, koma utsi unabwera kuchokera pansi, tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 60.

Pamwamba pake vuto linali madzi. Tingalande ta pakati pa zitsulo tinkagwira ntchito pokhapokha tili toyera. Koma padoko pamauluka fumbi la malasha, mchenga, mankhusu a tirigu ndi tizitsulo topereseka ku mabuleki. Zonsezi zinkagwera m'tingalandeto n'kutseka mapaipi. Madzi a mvula ankaima, matope n'kukhala onyowa chaka chonse, ndipo mpweya wa m'mbali mwa nyanja uli ndi mchere umene umafulumizitsa dzimbiri. Malo oipitsitsa anali obisika kunsi kwa matabwa ndi zitsulo za njanji, komwe wopaka penti safika popanda kuzula njanjiyo.

Chachitatu chinali kugwedezeka. Sitima iliyonse ikadutsa, mlatho unkanjenjemera pang'ono. Phula linkang'ambika, molumikizira n'kuyamba kuseweraseweramo, madzi n'kulowa pakati pa zitsulo ziwiri zophatikizana. Dzimbiri likamera pamalo otere limatupa, n'kukankha zitsulozo kuti zitalikirane, mpata n'kukula, madzi n'kuwonjezeka. Chitsulo chinkadyedwa mbali zonse ziwiri n'kumapyapyala.

Kampani inali ndi antchito okonza ndipo inkaika zigamba, koma chigamba chimathandiza pamene pabowoka pamodzi. Mu 1955 akatswiri atayendera mlatho wonse anapeza kuti dengalo liyenera kusinthidwa m'zaka zochepa zikubwerazo, pa mtengo wa mapaundi 2 miliyoni. Vuto lalikulu linali pa denga, osati pa sitima kapena pa kusowa kwa okwera, pakuti anthu mamiliyoni angapo ankakwerabe chaka chilichonse.

Bwanji boma kapena khonsolo sanaipulumutse?

Pa 1 Januwale 1948 njanji zikuluzikulu za ku Britain zinalowa m'manja mwa boma pansi pa British Railways. Njanji ya m'mwambayi inasiyidwa kunja, poti inkaonedwa ngati ya mumzinda umodzi. Ku London njanji za mumzinda zinali kale pansi pa bungwe limodzi kuyambira 1933, koma ku Liverpool kunalibe bungwe lotero. Inatsala yokha, ikudalira matikiti otsika mtengo, ndipo phindu lake silinali loti n'kusunga mapaundi 2 miliyoni.

Kampani inagogoda kwa khonsolo ya mzinda ndi kwa bungwe la madoko. Onse anakana kuigula. Khonsolo inali ndi mabasi ake ndipo inali mkati mochotsa matramu, amene anatha mu Sepitembala 1957. Maganizo a nthawiyo anali akuti tsogolo ndi la matayala. Bungwe la madoko, limene antchito a m'madoko ake ndi amene ankakwera ndipo injini zake ndi zimene zinkafukiza dengalo, silinaone kuti kunyamula anthu ndi udindo wake. Aliyense ankapindula nayo koma panalibe wovomera kuti ndi mwana wake.

Popeza kampaniyo inakhazikitsidwa ndi lamulo loikakamiza kuyendetsa sitima, sikanangotseka. Inapita ku Nyumba ya Malamulo kukapempha lamulo lina loimasula, ndipo linaperekedwa mu 1956.

Inatsekedwa liti, ndipo zitsulo zinapita kuti?

Sitima zomaliza zinayenda usiku wa pa 30 Disembala 1956, khamu la anthu litasonkhana m'masiteshoni. M'malo mwake khonsolo inaika mabasi, amene ankayenda mumsewu wodzaza womwe uja umene njanjiyi inamangidwa kuti iupewe. Mlathowo unaima miyezi ingapo anthu akuyembekeza kuti mwina wina atulukira n'kuugula. Kugumula kunayamba mu Sepitembala 1957, ndipo zitsulo zinadulidwa n'kugulitsidwa kwa osungunula.

Kodi kuitseka kunali kulakwitsa?

Pali mbali ziwiri, ndipo zonse zili ndi mfundo. Oikira kumbuyo kutsekako amati ngakhale denga likanasinthidwa, okwera akanatha okha. Katundu anayamba kubwera m'makontena, amene safuna manja ambiri. Madoko a kumwera anatsekedwa mu 1972, chaka chomwe doko latsopano la Seaforth linatsegulidwa, ndipo amuna masauzande ambiri amene ankadzaza sitima m'mawa anasiya kufunika. M'zaka za m'ma 1970 njanjiyi ikanayenda m'mbali mwa nkhokwe zopanda kanthu.

Ife tikuona kuti chigamulocho chinapangidwa poyang'ana buku la ndalama la kampani imodzi, osati zosowa za mzinda. Njira yoyenda payokha, yosakumana ndi galimoto, yodutsa m'mphepete monse mwa mtsinje, ndi chinthu chimene mzinda sungachipezenso motchipa ukachitaya. Kuyambira zaka za m'ma 1980 gombe lomwelo linadzukanso: nkhokwe za Albert Dock zinasanduka malo osungira zakale ndi odyera, ndipo m'madoko akale munamangidwa nyumba zogona, maofesi ndi mahotela. Komanso chimene chinkadya denga kuchokera pansi, injini za malasha, chinali pafupi kutha chokha, pakuti m'zaka za m'ma 1960 njanji za ku Britain zinasiya malasha. Denga latsopano silikanakumana ndi utsi umene unapha lakale.

Chatsala n'chiyani chimene munthu angakaone lero?

Yambani ku Museum of Liverpool pa Pier Head, imene inatsegulidwa mu 2011 ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Muli bogi nambala 3, limodzi mwa oyambirira aja, ndipo analikweza pa mitanda pamtunda wofanana ndi umene linkayendapo. Mukaima kunsi kwake mumaona mmene wa pamsewu ankalionera, ndipo mukakwera pamwamba mumaona mipando ya matabwa ndi zitseko zake.

Mukatuluka, tsatani msewu wa m'mbali mwa madoko kulowera kumwera. Pafupi ndi Wapping Dock yang'anani khoma lakale: muli zidutswa za nsanamira zimene ogumula anazisiya chifukwa zinamangidwira m'khomamo. N'zosavuta kuziphonya, zimangooneka ngati zitsulo zakuda zoimirira m'khoma.

Kupitirira kumwera, pamalo pamene panali Herculaneum Dock, khomo la mphanga ya ku Dingle likadali pathanthwe, m'mwamba ndithu kuchokera pansi, lopanda mlatho wofikapo. Siteshoni yoyandikira ya Merseyrail, sitima za mumzinda za masiku ano, ndi Brunswick. Mphangayo si yolowamo alendo. Siteshoni ya Dingle inagwiritsidwa ntchito ngati galaja kwa zaka zambiri, ndipo mu Julayi 2012 mbali ina ya mphanga inagumuka, mabanja a nyumba za pamwamba pake n'kusamutsidwa kwa nthawi yaitali.

Kumpoto, pa Bramley-Moore Dock, pomwe panali malo opangira magetsi ndi chitsetse chija, tsopano pali bwalo la mpira la Everton lolowa anthu oposa 52,000, limene linatsegulidwa mu 2025. Okaonera mpira ochokera pakati pa mzinda amatsikira pa siteshoni ya Sandhills n'kuyenda wapansi, kapena amayenda ulendo wonse motsata khoma la madoko, mumsewu womwe uja umene kale unali ndi denga.